Mzere Umene Ndinausiya M'malangizo

Chaka chimenecho ndinkasamalira pulogalamu yosindikiza mayina a alimi olandira makuponi a fetereza ku bungwe lathu ku Kasungu. Mayina okonzedwa ndinawaika pa nthambi yakeyake, kutanthauza gawo lapadera la pulogalamuyo, pa seva, kompyuta yaikulu yosungira zinthu pa intaneti, n'kulembanso pomwepo malangizo oti a Nyirenda, anzanga a ku ofesi ya ku Simlemba, atsatire. Ndinaiwala mzere umodzi, wowauza kuti ayambe akoka nthambiyo kuchokera pa seva kuti ifike pa kompyuta yawo. Pa kompyuta yanga inalipo kale, ndiye sindinaone vuto.

M'mawa wa tsiku logawa makuponi a Nyirenda anandiimbira foni. Kumbuyo kwawo ndinkamva alimi akung'ung'udza.

"Achimwene, nthambi mukunenayi sikuoneka. Ndabwereza katatu."

Nditatsegula malangizowo, ndinaona pomwepo pamene ndinalakwitsa.

"Ndi netiweki ya kwanuko imeneyo," ndinatero. "Tayesani pokwera."

A Nyirenda, bambo a imvi zawo, ananyamula laputopu n'kukwera pachulu, gulu lonse likuwayang'ana. Ine kuno ndinaonjezera mzere uja mwakachetechete, kenako ndinawauza kuti atsegulenso malangizowo ayambire poyamba.

Zinatheka. Mpaka lero tikakumana amati, "Chulu chija chinatipulumutsa, achimwene." Ine ndimangogwedeza mutu movomereza.