Tsitsi la m'chikwama cha Lusiya

Nditaona pamutu pa mwana wanga Esinati pali podulidwa, ndinamufunsa.

"Wakumeta ndani apa?"

"Anti Lusiya. Akuti azikandikumbukira kwawo."

Lusiya anali mtsikana wa ku Sipeni wodzathandiza pasukulu ya mkaka kuno ku Nselema. Ankagona kwathu, ife tikumuphunzitsa Chichewa, iye akuphunzitsa ana anga Chisipanishi. Koma tsitsi la mwana? Munthu wabwino amatenga tsitsi la mwana wa mnzake?

Atapita kuntchito ndinapisa m'chikwama chake. M'kabokosi kena munali tsitsi la Esinati, pambali pake lina la imvi, lomanga ndi ulusi. Ndinati mayo, uyu sanayambe lero! Ndinathamanga n'kukaponya zonse m'chimbudzi.

Madzulo Lusiya analira ngati pagwa maliro. "Mayi, tsitsi la amayi anga. Anamwalira. Mwaliona?"

"Iyayi, kapena makoswe," ndinatero. Mpaka ndinagwada n'kumamufunira kunsi kwa bedi, ine wakubayo, iye akundithokoza.

Manyazi ndili nawo mpaka lero. Komabe iye akanakwera ndege, wotsala ndi mwana wodwala ndikanakhala ine. M'mawa mwake ndinawameta mpala ana onse awiri, tsitsilo ndinakakwirira ndekha.