Ulendo wa ku Sinda kukadzutsa maso a Misozi

Tinanyamuka kusanache bwino, ine ndi mdzukulu wanga Misozi, mame ali chonyowetsa zitenje. Mwana wanga Yohane, amene ndi malume ake a mtsikanayu, anali atadzuka kale, akunola khasu pakhonde, ndipo sanatitsanzike n'komwe. Anangoti amayi mukuvutika chabe, mwanayu mutu wake ndi wouma, sukulu ikatsekera ayambe kutola thonje ngati anzake. Inu mukudziwa kwathu kuno mawu a malume salumphidwa. Mayi ake a Misozi ali ku Lusaka kuganyu, ndiye wogula makope ndi yunifomu ndi Yohane yemweyo. Ine ndinangomangitsa duku langa n'kumuuza kuti tikambirana ndikabwera.

Nkhani yake ndi iyi. Misozi akubwereza giredi yachitatu. Aphunzitsi amati samva, ukamulankhula amangoti ndwii pansi, ndipo kuwerenga kwake kuli ngati ngolo yotitimira m'dambo. Koma mphunzitsi wina wamkazi anandinong'oneza kutchalitchi kuti pasukulu ina ku Katete kwabwera anthu a ku yunivesite ndi makina oona mmene maso a mwana amayendera akamamva mawu kapena akamawerenga. Ine sukulu ndinalekezera panjira, sindinamvetse zonse, koma mwana amene amadziwa nkhuku iliyonse ya pamudzi ndi mwini wake sangakhale wouma mutu. Ndinati tipita, akamuone.

Kuchoka kumudzi kufika pa boma la Vubwi tinakwera njinga yamoto ya mwana wa a Banda, makwacha makumi asanu tonse awiri. Mwanayo amayendetsa ngati wasiya mkaka pamoto. Ndinamutsina m'nthiti n'kumuuza kuti ine mano anatsala ochepa, asandimalizire. Anaseka, nati ambuya gwirani zolimba, msewu uwu ukauyenda pang'onopang'ono ndiye umakugwetsa. Misozi anali pakati pathu, atapanikizika ngati nyama ya pakati pa buledi.

Pa Vubwi tinapeza kanta, lole yaing'ono ija, yonyamula matumba a soya yopita ku Chadiza. Kutsogolo kunali kutakhala kale amayi ena oyembekezera, ndiye ife tinakwera pamwamba pa matumba. Soya ndi wabwino kugulitsa, koma kukhalira ayi, amathawa pansi pako. Fumbi la msewu umenewo ndi lofiira, moti pofika pa Chadiza tonse tinali mtundu umodzi, ngakhale abusa ena amene anakwera ndi malaya oyera. Abusawo anandifunsa kumene tikupita. Nditawafotokozera anapukusa mutu, nati makina oyang'ana m'maso mwa mwana musamale nawo mayi, masiku ano zinthu zachuluka. Ndinawayankha kuti ndikakhala pomwepo, chikachita zachilendo ndikachiphimba ndi chitenje. Pa Chadiza ndinagula zitumbuwa ndi thobwa. Thobwalo linali lamadzi. Lathu la ku Vubwi umamwa n'kutafuna, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Dzuwa lili pamutu tinalowa m'galimoto ya Noah yopita ku Katete, makwacha zana limodzi, Misozi pamiyendo panga. Mtsikana wa zaka khumi si wopepuka, miyendo inachita dzanzi tisanafike n'komwe pa tara. Koma kufika pa tara mtima unakhala pansi, galimoto inangoti see ngati bwato.

Pa Katete tinafunsa njira kwa mayi wina wogulitsa zitenje mumsika. Anatilozera, kenako anatulutsa chitenje chamaluwa obiriwira n'kundiyala pamaso. Ndinati sindinafunse chitenje ine. Iye ati, manje amami, pakamwa panu simunafunse, koma diso lanu labwererapo katatu. Ndinaseka mpaka kutsokomola, chifukwa zinali zoona. Ndinamuuza kuti iyenso akanalembedwa ntchito ku yunivesite. Sindinagule, ulendo unali usanathe.

Kusukulu kuja tinapeza zitseko zili zotseka. Mlonda anati anthu a makinawo anamaliza dzulo, lero ali pasukulu ina ku Sinda, ndipo akamaliza kumeneko akubwerera kwawo. Pamenepo ndinangokhala pansi pakhonde la sukulu. Misozi anandikoka chitenje nati ambuya tiyeni kunyumba, ndikatola thonje, palibe kanthu. Mawu amenewo ndi amene anandiimitsa. Mwana akayamba kuvomereza yekha kuti ndi wouma mutu, ndiye kuti zaipa. Ndinamugwira dzanja, tinabwerera kumsewu waukulu, n'kukwera minibasi ya ku Sinda. Kondakitala anafuna kutilipiritsa mipando iwiri. Ndinamuuza kuti miyendo yanga inafa kale ku Chadiza, mwanayu akhala pa mitembo yomweyi.

Tinafika ku Sinda dzuwa litapendeka. Kumeneko anthu amasakaniza Chichewa ndi Chinsenga, ukafunsa njira umamva theka, theka linalo umatsata chala. Pasukulupo tinapeza galimoto itatsegulidwa kumbuyo, anthu a makina aja akulongedza. Wamkulu wawo anali mayi wachitsikana, a Sakala, wovala magalasi. Ndinagwada n'kufotokoza kumene tachokera. Anayang'ana fumbi lathu lofiira lija, nayang'ana mnzawo, n'kunena kuti tulutsaninso makina. Koma anandichenjeza kuti iwo si madokotala ndipo sapereka mankhwala, akungofufuza mmene ana amamvera chilankhulo ndi mmene amawerengera. Ndinati zomwezo n'zimene tabwerera.

Makinawo ine ndimayesa ndi chinthu chachikulu ngati chigayo. Ayi ndithu. Ndi kompyuta yopinda ija, pansi pa galasi lake ataikapo kandodo kakuda kotalika ngati mpeni wa patebulo. Kandodoko ndi kamene kamatsata maso. Anamukhazika Misozi pampando n'kumuuza kuti atsate kadontho koyendayenda pagalasi kuti makina awazolowere maso ake. A Sakala atangolankhula, Misozi maso pansi. Makina n'kumutaya. Anayesanso, chimodzimodzi. A Sakala anasamukira kumbuyo kwake kuti asamawaone, ndipo kadontho kaja anakatsata bwino. Koma atayatsa mawu ojambulidwa, anali mawu a bambo wachikulire, okhuthala ngati a mkulu wa mpingo. Bamboyo atangoti yang'ana, Misozi anapinda manja pamiyendo, maso pansi. Mnzawo wa a Sakala anayamba kuyang'ana kunja kumene dalaivala anali kuliza hutala. Anati mwina mwanayu watopa, kapena ndi wamantha, tisamukakamize.

Ine ndinali pabenchi kumbuyo, ndipo ndinaona chimene chimachitika. Si mantha, si kutopa. Ndi mwambo. Kwathu mwana wamkazi sayang'ana wamkulu m'maso akamamulankhula, ndipo Misozi anaugwira mwambowo kuposa ana onse a m'mudzi, moti amayi a kutchalitchi amamutchula akamadzudzula ana awo. Tsono apa amalemekeza bambo wa m'bokosi, wopanda maso, wopanda ndevu. Ndinapempha kuti ndilankhule naye. Ndinagwada pambali pa mpando wake.

"Misozi, anakuphunzitsa kuweramitsa maso ndani?"

"Inu, ambuya."

"Ndiye ndine ndemwe ndikukuuza. Lero dzutsa. Akalankhula, iwe yang'ana. Ulemu tikautola pakhomo potuluka."

Anandiyang'ana kaye ine, ngati akufuna kuona ngati ndikumuyesa. Kenako anatembenukira kugalasi.

Panabwera zithunzi zinayi: mbuzi, chimanga, dengu ndi mpando. Bambo uja anati, chili kuti chachikulu, ndipo asanatchule n'komwe kuti chimanga, maso a Misozi anali atafika kale pa chimangacho. A Sakala anandionetsa pambuyo pake, kadontho kofiira kakudumpha pagalasi ngati nthata. Anati mwanayu akangomva chi woyambirira uja amadziwiratu kuti si mbuzi, si dengu, ndipo izi n'zimene iwo akufufuza, mmene timawu tating'ono ta Chichewa timatsogolera maso munthu asanamalize kulankhula. Anati Misozi amamva msanga ndithu. Ndinawapempha kuti abwereze mawu amenewo, ndiwasunge bwino.

Pa kuwerenga ndiye panaoneka vuto. Kadontho kaja kamayenda pang'ono, n'kubwerera, n'kugwera mzere wapansi, n'kukweranso, ngati munthu wofuna singano mu udzu. Ndipo mwanayo amangosendera kugalasi, akutsinzinira. A Sakala anati sangalamule kuti ndi chiyani, koma tipite naye kuchipatala akamupime maso, ndiponso aphunzitsi amukhazike kutsogolo. Anandifunsa ngati anadandaulapo kuti saona bwino pabolodi. Ndinamufunsa mwiniwake. Anayankha motsitsa kuti amaona ngati utsi, koma sakanawauza aphunzitsi, chifukwa iwo anali asanamufunse.

Tinagona kwa msuweni wanga pa Sinda pomwepo, amene anatiphikira mbatata ndi kutifunsa za maliro onse a ku Vubwi kuyambira chaka chatha. M'mawa tinayamba wobwerera, njira yomwe ija, fumbi lomwe lija, koma pa kanta panali matumba a feteleza, amene ndi olimba kuposa soya. Pa Katete mayi wa zitenje anandikuwira kuti chamaluwa obiriwira chikudikirabe. Ndinamuuza kuti maso anga achigula kale, ndalama zikubwera m'mbuyo. Njira yonse Misozi amayang'ana zikwangwani za m'misika, akutsinzinira, akuyesa kutchula zilembo zikuluzikulu.

Tinafika kumudzi mbuzi zikulowa m'khola. Yohane anali pakhonde pomwe tinamusiya, ngati sanasunthe. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, za kadontho kofiira, za chimanga, za chipatala. Koma iye sanafunse ine. Anafunsa mwanayo kuti nanga makina aja akuuza chiyani. Misozi anagwada monga mwa masiku onse, manja pamodzi. Kenako anadzutsa mutu n'kumuyang'ana malume ake m'maso.

"Akuti ndimamva msanga, amalume. Koma pabolodi sindiona. Ndikufuna magalasi, ndipite kusukulu."

Yohane ndiye amene anayang'ana pansi. Anatola kamtengo, najambulajambula m'dothi, kenako anafunsa kuti madokotala a maso amabwera tsiku liti kuchipatala.

Ine ulendo umenewu wandiphunzitsa kuti mwana woweramitsa maso timamutama kunyumba, kusukulu n'kumamuyesa wopusa, ndipo tonse sitimufunsa kuti akuona chiyani. Ulemu sindinaufafanize, Misozi amagwadabe akamapereka madzi. Koma ndamuuza kuti bolodi si apongozi ake, aziliyang'ana mpaka lichite manyazi.