Mbale Zokalika za Achimwene

Inu amene mukuona ngati zonse zakutherani, imvani za mayi wina.

Banja litatha, mayiyu anasamukira m'chipinda chimene mlongo wake anasiya atamwalira. Munalibe bedi, munalibe mpando. Munali makatoni a mbale za galamafoni basi, zafumbi, zambiri zokalikakalika. Mlongoyo ali moyo, mayiyu ankamuseka kuti akuunjika mbale zosadyera. Tsopano anali ndi ana awiri oti adye, ndipo chuma chake chinali chomwecho.

Anayala mbalezo m'mbali mwa msewu. Ogula ankabweza m'mawa mwake, ati singano ikudumpha, nyimbo ikungobwereza mawu amodzimodzi. Atatopa ndi manyazi, anayamba kuziviika m'madzi otentha n'kuzipinda kukhala timabakuli toikamo makiyi ndi mabatani. Timeneti ndiye tinkayenda malonda.

Tsiku lina bambo wokonza mawailesi, amene ankakhala naye moyandikana, anamuletsa.

"Mayi, si zonse zakufa izi. Zina ndi litsiro chabe."

Anamubwereka galamafoni yakale, n'kumuonetsa kutsuka mbale ndi kansalu kofewa motsata mizere, komanso kutsegula pokalika ndi kamtengo kosongoka. Poyamba mayiyu ankangoononga. Maso ankawawa, msana unkaphwanya. Anapitirizabe, mpaka mbale ina inaimba kuyambira poyamba kukafika kumapeto osadumpha. Mbiri inamveka. Anthu anayamba kubwera ndi mbale za makolo awo, ndipo lero ali ndi kashopu kake, ana ali pasukulu.

Chaka chatha kunabwera mkulu wina amene ankaimba gitala ndi mlongo wa mayiyu ali anyamata. Anafunsa za mbale ya pepala loyera pakati, yopanda dzina. Anati anajambulitsa imodzi yokha, ndipo mawu ali m'menemo ndi a malemuwo.

Mayiyu anaikumbukira. Inali yokalika pang'ono pokha. Anaipinda m'masiku a njala aja, n'kugulitsa kwa munthu wongodutsa.

"Sindinkadziwa n'komwe kuti achimwene ankaimba," anatero chapansipansi.

Tsiku limenelo anatseka shopu masana. M'mawa mwake anatsegula, maso ali otupa, chifukwa panali anthu odikira mbale zawo. Amati akaona mayi wokalamba akulira pomva nyimbo ya ukwati wake, amasangalala naye, koma chamumtima chimapwetekabe.

Zina mudzataya osabwereranso, ndipo mudzanong'oneza bondo. Koma chimene chikadali m'manja mwanu, musafulumire kuchiyesa chakufa. Chipukuteni kaye, muyesenso. Musataye mtima.