Mtima wa Anthu Anayi

Khadi la kuchipatala la a Luqman linkayenda m'Dunoon ngati mbale ya pamaliro. Iwo anali ndi mapepala okhalira m'dziko la eni ake, anzawo ambiri analibe, ndiye wina akangomva mutu ankagogoda: "Achimwene, tibwerekeni dzina." Ankapereka. Zaka khumi ndi zitatu akusenza matumba a anyezi ku msika wa Epping, anaphunzira zambiri kupatula kukana.

Kenaka mtima unayamba kuwavuta. Akatsitsa matumba awiri okha, chifuwa chinkathina ngati achimanga ndi waya. Kuchipatala anati mwina pafunika opaleshoni, koma dokotala wina wachitsikana, Esha, awerengere kaye. Ntchito yake inali kutenga manambala onse a BP ndi kugunda kwa mtima olembedwa m'faelo, kuwalowetsa m'kompyuta, n'kupanga ndi masamu chithunzi cha mmene magazi amayendera m'mitsempha ya wodwalayo.

Tsiku la zotsatira, dokotala anawatembenuzira kompyuta ija akumwetulira. Mtima wofiira unkagunda mwamtendere, magazi akuyenda bwinobwino.

"Bambo Luqman, mitsempha yanu ndi ya mnyamata," anatero m'Chingerezi. "BP imakwera miyezi ina, koma imatsika yokha. Opaleshoni sikufunika."

A Luqman anayang'anitsitsa chithunzicho. Munthu wophunzira chonchi, kukhulupirira manambala osagwira n'komwe pachifuwa cha wodwala! Ndipo mtimawo anauzindikira. Manambala a mu Epulo anali a Shaban, wosewera mpira uja. A mu Juni anali a Ashraf, amene anangotupa chala. A mu Ogasiti anali a Brown wa ku Dedza, yemwe ngakhale zikomo sananene. Anyamata athanzi atatu anaunjikana m'faelo mwawo mpaka kukwirira mwini wake. Zonyansa, ndipo chitseko anawatsegulira okha.

Kuulula kunali kosavuta. Koma mayina atatu akanatuluka, ndipo munthu wopanda mapepala sachedwa kupezeka m'basi ya ku Mwanza yobwezera anthu kumudzi. Mkazi wa Shaban anali woyembekezera.

"Muli ndi funso?" anafunsa dokotala.

"Ayi."

Kuchokera potsikira minibasi kukafika kunyumba anapuma katatu, atatsamira mipanda ya eni ake. Pakhomo anapeza Ashraf atagwira tsaya.

"Achimwene, dzino landivuta. Khadi lija lilipo?"

A Luqman analavula pambali, n'kudikira kuti mpweya ubwerere. Anapisa m'thumba osamuyang'ana kumaso.

"Tenga. Akakufunsa za mtima, ukawauze kuti ndili bwino."