Ndinasankha Nyale Yokongola, Nsomba za Mkazi Wanga N'kufa

Inu owerenga, ndinapha nsomba zinayi chifukwa cha liuma, ndipo amene anaziona zikufa ndi mkazi wanga wodwala, ali yekha m'nyumba.

Ndimakhala ku Sunningdale, ndipo ndakalambira pa ntchito yodula magalasi ku Graniteside. Mkazi wanga, amake Amina, kwawo ndi ku Tete. Ali mtsikana anafikako kunyanja yamchere kamodzi kokha, n'kuona tinsomba tamawangamawanga, ndipo nkhaniyo sinkachoka pakamwa pawo. Atafa ziwalo mbali imodzi, ankangokhala pampando tsiku lonse, maso kukhoma. Ndiye ndinati galasi ndimalidziwa, bwanji ndiwaikire tinsombato pabalaza pomwe pano.

Thanki yagalasi yosungiramo nsombazo ndinamata ndekha, osadontha ngakhale pang'ono, ndipo matama anayambira pamenepo. Kusitolo ya nsomba zoweta m'tauni, mayi wogulitsa anayamba wandifunsa kumene ndimakhala. Nditatchula anati, pondilemekeza ngati agogo m'Chishona, "Sekuru, kwanuko magetsi amathima tsiku lonse. Yambani ndi pampu yoyendera batire, mchere wake weniweni ndi kachipangizo koyezera mcherewo. Nsomba mudzatenge pakapita milungu ingapo."

Ine maso anali pa nyale yabuluu imene inkawalitsa thanki yawo. Mumtima ndinati mayiwa akungofuna katundu wawo atuluke. Ndinatenga nyaleyo ndi chipampu chamagetsi. Mchere ndinagula wamibulu kumsika wa Mbare Musika, madzi ndinatunga pamjigo, nsomba ndinakagula kwa munthu wina wosafunsa mafunso.

Masiku atatu oyamba amake Amina anaseka mmene anali asanasekere chidwalireni. Nsombazo anazipatsa mayina a azichemwali awo.

Lachisanu ndinapita kumzikiti ku Mbare, kuchoka uko n'kudzera kumaliro. Magetsi anathima nditangotuluka. Pampu inaima, ndipo nsomba, zofooka kale ndi madzi olakwika aja, zinakwera pamwamba kufuna mpweya. Mkazi wanga anaitana, koma mawu awo satuluka bwino, palibe anamva. Anayesa kutakasa madzi ndi ndodo yawo, osafikira, mpaka anatsetsereka pampando. Madzulo ndinawapeza pansi, ndodo ili m'manja, nsomba zonse zinayi zitafa. Sanavulale, koma sanandiyankhule masiku awiri.

Ndinabwerera kusitolo kuja manyazi ali tho. Mayi aja sananditonze. Anandiuza kuti mchere wakukhitchini ulibe zimene zamoyo za m'nyanja zimafuna, ndipo madzi a pamjigo amayenera kudutsa m'sefa yapadera. Ulendo uno ndinamvera. Ndinatenga kapampu ka batire, mchere weniweni uja, choyezera, ndi miyala yochokera m'thanki yawo yakale yoti ikonze madzi. Mkamwini wanga anandiikira kasola kotchajira batire padenga.

Milungu isanu ndi umodzi thankiyo inali ya miyala yokhayokha. Ndinkaganiza kuti amake Amina atopa nayo, koma ndi iwo amene ankandikumbutsa m'mawa uliwonse, "Bambo, mwayeza mchere?"

Lero tili ndi tinsomba tiwiri tokha, tofiirira ta mizere yoyera, ndi timakorali tochepa, tamoyo ta m'nyanja tooneka ngati maluwa. Magetsi akathima, kapampu kamangoyamba kokha kung'ung'uza. Amayi oyandikana nafe amabwera kudzaona, n'kukhalitsa akucheza Chishona chosakaniza ndi Chichewa, moti mkazi wanga sasowanso wolankhula naye. Amake Amina amadyetsa okha nsombazo ndi dzanja lamoyolo. Koma zatsopanozi anakana kuzitcha mayina, ndipo chifukwa chake ndimachidziwa.

Inu amene mukufuna kuyamba, musanagule chilichonse dzifunseni kuti magetsi akathima inu muli kutali, nsombazo zipuma chiyani. Gulani kaye zosakongolazo, zopereka mpweya ndi madzi abwino. Wodziwa akakuuzani kuti dikirani, dikirani ndithu. Ndipo ngati thankiyo mukukonzera munthu wosatha kudzuka pampando, kumbukirani kuti chikalakwika, woonerera mpaka mapeto ndi iyeyo.