Tayala lodyeka mbali imodzi

Tayala lija ndimaliona mpaka lero. Linkanunkha mphira ndi fumbi la msewu wa ku Chiringa, ndipo linali lodyeka mbali imodzi yokha. Kumanja mano ake anali akadalipo, ukalowetsa chala chinkakodwa, koma kumanzere linali losalala ngati chikhatho. Amalume anandiponyera tayalalo tsiku lomwe anaika latsopano kutsogolo kwa njinga yawo yamoto, ndipo ine, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, ndinakondwa kosaneneka. Ndinkaligudubuza ndi kamtengo pabwalo. Silinkayenda molunjika, linkangokhotera kumanzere n'kukagwera m'chinangwa.

Inali nyengo yomenya nandolo wouma, dothi likuwotcha kumapazi. Amayi anali oyembekezera. Miyendo yawo inatupa mpaka masilipasi anasiya kulowa, ndipo anamwino anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, asamaphonye sikelo. Bambo anali ku Joni. Kuchokera kwathu kukafika kuchipatala ndi mtunda woti ngakhale munthu wathanzi amafika milomo itatuwa. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndiponso ndi okhawo m'mudzi mwathu amene anali ndi njinga yamoto, yogula ku Mozambique. Poyamba ankawatenga amayi kupita nawo kusikelo. Amayi ankakhala chammbali monga ankakhalira azimayi onse kwathu, miyendo yonse kumanzere, chitenje chili mpaka m'akakolo, dzanja limodzi pamimba.

Tsiku lina amalume anagwada kutsogolo kwa njinga, n'kupapasa tayala, n'kuitana amayi. "Taona, wandithera tayala ndi kakhalidwe kako kopendekeraka." Anati thupi lolemera la amayi likukankhira njinga kumanzere, choncho asankhe: azikhala chotangadza ngati mwamuna, apo ayi aziyenda pansi. Amalume ankadziwa bwino lomwe kuti palibe mayi wapakati angatangadze miyendo kumbuyo kwa mlongo wake anthu akuona. Sikunali kusankhitsa kumeneko, kunali kuwatsitsa panjinga.

Lero ndili ndi njinga yamoto yanga imene ndimayendera kuntchito, ndipo ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa. Linali bodza lamkunkhuniza. Mudzi wonse unkadziwa kuti amalume anagwera m'ngalande akuchokera kumowa, matumba a nandolo ali kumbuyo. Mafoloko, zitsulo ziwiri zimene zimagwira tayala lakutsogolo, anapindika. M'malo mopita kwa makaniko, amalume anapanikiza tayala pakati pa mawondo n'kupotokola chiwongolero ngati akuwongola njinga yakapalasa. Foloko yakumanzere inkadontha oyilo, fumbi n'kumamatirapo, ndipo ife ana tinkalembapo ndi zala. Tayala loikidwa pa mafoloko opindika limayenda likukhula msewu ndi phewa limodzi. Kuwonjezera apo amalume ankaphwetsako mpweya dala, ati kuti njinga izigwira bwino mumchenga, ndipo pofika pagolosale ankamanga buleki yakutsogolo mwadzidzidzi kuti anthu acheuke. Tayala lililonse likanadyeka ndithu, ngakhale kumbuyo kukanakhala kopanda munthu.

Aphunzitsi amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi anaziona. Anaima kutsogolo kwa njinga, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti tayala likuyang'ana kwina, chiwongolero kwinanso. Amalume anakalipa, Chichewa chikusakanikirana ndi Chilomwe monga ankachitira akapsa mtima, n'kuwauza kuti azikalimbana ndi choko. Aphunzitsi anangoseka n'kumapita. Nawonso sindiwakhululukira kwenikweni. Anaona choona, anachinena kamodzi ngati nthabwala, basi ntchito yawo yatha. Akuluakulu ena onse anangoti zii, chifukwa aliyense ankadziwa kuti tsiku lina adzafuna kukwera njinga yomweyo.

Amayi anayenda pansi. Ndinawaperekeza ndi tayala langa lija, poti amalume anali ataika kale latsopano, ndikuthamanga patsogolo, kulitola m'tchire, n'kuliyambitsanso. Iwo ankayenda pang'ono n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, akupuma ndi pakamwa, thukuta likutsikira m'khosi. Tili m'njira, amalume anatipitirira atamanga matumba a nandolo opendekera mbali imodzi kuposa mmene amayi anapendekerapo. Anaimba hutala. Ine ndinakweza dzanja mosangalala, fumbi n'kutikwirira. Amayi anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje n'kundiuza kuti ulendo wina tayalalo ndidzalisiye kunyumba.

Ulendo winawo sunakhaleko. Titabwerako tsiku limenelo, amayi anagona pamphasa masiku angapo, mutu ukuwawa, akuti akuona tinyenyezi m'maso masana. Tsiku la sikelo likafika ankati apita sabata yamawa. Kenaka m'mawa wina anandipititsa kwa anansi, ndipo ndili kumeneko ndinaona azimayi okhaokha akulowera kutchire mwakachetechete, wina atanyamula kanthu kokulungidwa m'chitenje chimene ndinkachidziwa. Panalibe nyimbo, panalibe kulira. Nditabwerera kunyumba amayi anali chigonere, atayang'ana kukhoma, ndipo palibe anandionetsa mwana.

Sindinganene motsimikiza kuti njinga ija ikanamupulumutsa. Anamwino okha ndiwo akanadziwa, koma sanapatsidwe mpata womuona.

Patapita masiku amalume anabwera kudzazonda mlongo wawo. Anaimika njinga pamthunzi, n'kukhala pampando, chipewa chili pabondo, akunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Azimayi anali atakhala pakhonde. Ine ndinapita kukaona tayala latsopano lija, poti ndinkaliwerengera kuti likatha lidzakhalanso langa. Ndinalipapasa monga ankachitira eni ake. Kumanja mano anali akuthwa. Kumanzere anali atayamba kale kufupika, ndipo oyilo anali akudonthabe pafoloko.

Ndinathamangira pakhonde ndi nkhani yanga yabwino. "Amalume, ilinso layamba kudyeka mbali yomwe ija, chikhalirecho amayi sanakwerepo!"

Amalume anayang'ana chipewa chawo. Azimayi anayang'ana pansi, wina n'kuyamba kutola tizinyalala pamphasa. Amayi, amene sanalankhule mawu omveka chichokereni tsiku lija, anadzuka pang'onopang'ono, n'kundigwira pamkono ndi dzanja lotentha.

"Gwada, upepese amalume ako."

Ndinagwada, ndinapepesa. Madzulo ake tayala langa linasowa, ndipo ndinalira kwambiri kuposa mmene aliyense analirira mwana uja. Ndinkafunsa aliyense kuti ndalakwa chiyani, poti ndinangonena zimene zinali patayala. Sindinkadziwa kuti amayi anali ataliona kale tayala latsopanolo njinga ikulowa pabwalo, ndipo sindinkadziwanso kuti munda umene tinkadya, nyumba imene tinkagona ndi njira yopita kuchipatala ine ndikadzadwala, zonse zinali m'manja mwa munthu amene ndinkamugwadirayo.