Denga la Nkhokwe ya Apongozi

Amuna a m'mudzi atabwera kudzakweza denga la nkhokwe ya apongozi anga, ine ndinawabweza. Ndinawamwetsa thobwa, n'kuwauza mwaulemu kuti akapume, denga ndikweza ndekha. Ndinali mkamwini watsopano ku Nkaya, ndipo ndinali ndi buku.

Linali buku la sayansi lopanda chikuto, limene mlamu wanga analisiya atatopa ndi sukulu ya mishoni. Chingerezi changa chinali chotola pa sitesheni ya njanji, moti tsamba lililonse ndinkalimbana nalo ngati chitsa cha m'munda. Masamba ena munalibe. Mnansi wathu, bambo wanthabwala amene kale ankapha nsomba ku nyanja ya Chiuta, ankati akabwera kudzacheza amang'ambamo lopichira fodya. Koma chimene ndinamva, ndinachimvetsa: ntchito yokweza chinthu ndiyo kulemera kwake kuchulukitsa ndi kutalika kwa pamene wachikweza. Ukachiyendetsa pa chitunda chachitali umakoka mopepuka, ntchito n'kukhala yomweyo. Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba. Ndiye kuti ine, woonda ngati bango, ndinali wofanana ndi mudzi wonse!

Dengalo tinalitsitsa kuti tifolere udzu watsopano. Chimanga cha apongozi cha chaka chonse chinali pambalambanda, mwezi wake womwe uja mvula yoyamba imagwa osaodira.

Ndinatsamiritsa mitengo iwiri yaitali pa nkhokwe, ndinamanga luzi ku denga, n'kupita mbali inayo kukakoka. Linayenda! Pang'ono ngati nkhono, koma linayenda. Ndinkakoka, kumangirira luzi pa mtengo, kuthamanga kukaona, kuomba m'manja, kubwerera. Dzuwa linafika paliwombo denga lisanafike ndi pakati pomwe, ine mano onse pamtunda.

Mwamwambo apongozi sakanandiyankhula maso ndi maso. Anakhala pakhonde atandifulatira, n'kumauza nkhuku.

"Nkhuku inu, mitambo ya ku mapiri a Kasupe ija mwaiona? Chaka chino mudya chimanga chomera."

"Inu, itanani anthu!" anatero mkazi wanga.

"Iyayi, buku likuti ntchito ndi yomweyo."

"Bukulo lili ndi chimanga m'nkhokwe?"

Mphepo ya mvula inafika, n'kulowa kunsi kwa denga. Luzi linati phwi, kuduka! Ine chagada m'fumbi. Denga linatsetsereka, linagubuduka pabwalo ngati lichero, n'kukavundikira mbuzi ya apongozi. Kenako linayamba kuyenda lokha, likulira kuti mee, kulunjika kudambo. Ndinalithamangira, madontho oyamba akundimenya pamsana, nanenso ndikufa ndi phwete. Mkazi wanga ankalalata akuseka. Ngakhale apongozi mapewa ankagwedezeka.

Amuna aja sanapite kutali. Tsiku lonse anali pansi pa mtengo wa mango, akuonerera ngati gule. Anatulukira akuthamanga, anamasula mbuzi, aliyense anagwira pake, mmodzi n'kukuwa, "Tiyeni nalo!" Ndisanasase fumbi pa kabudula, denga linali litakhala pa nkhokwe. Chinanyowa chimanga chapamwamba chokha, mvula yeniyeni n'kukhuthuka pa udzu watsopano.

Patapita zaka ndinaona buku lomwelo lathunthu kwa mphunzitsi wina ku Balaka. Tsamba lotsatira, limene m'buku langa munalibe, linkanena za mphamvu yogwirira ntchito: utenge ntchito ija, uigawe ndi nthawi imene yatha poigwira. Sindinaname, ntchito yanga ndi ya amuna aja inali imodzi. Kungoti yawo inatha mtambo usanang'ambike, yanga ikanatha chimanga chitamera ngaiyaye.

Koma tsiku limenelo sindinkadziwa zimenezi. Tinausa tonse pakhonde, ine ndakumbatira buku langa kuti lisanyowe. Mnansi uja analiyang'ana, anayang'ana ndudu yake, n'kundigunyuza ndi chigongono.

"Pepani achimwene," anatero. "Tsamba lonena za mvula lija, ndiyesa ndinasuta ndine."